Dima la m'Munda wa Khofi

Kwathu ndi kutsidya kwa Ruo, m'dziko lomwe Apwitikizi ankati ndi lawo, ulendo wa theka la tsiku kuchokera pa Chiromo. Ndi dziko lotentha, munthu amagona pamphasa wopanda chofunda pafupifupi chaka chonse. Ndinachokako ndevu zitangoyamba kumera. Ndinasiya amayi, omwe anali amasiye, ndi munda wawo wa m'mbali mwa mtsinje. Mundawo unali wosiririka. Kumtunda kwake kunkachita mapira, kumunsi kunali dimba losauma la chimanga, maungu ndi mbatata. Ndinawalonjeza amayi kuti ndikagwira ntchito chilimwe chimodzi chokha, ndikapeza nsalu, mvula yoyamba idzandipeza ndili pakhomo ndi khasu.

Ku Blantyre ndinakwera ndi katundu pamutu. Masiku amenewo sitima za pamadzi zinkathera pa Katunga, ndipo chilichonse cha azungu, misomali, sopo, ngakhale zitseko, chinkakwera mapiri pamitu ya anthu. Tinayenda masiku awiri. Blantyre yemwe ndinamupeza anali msewu umodzi wafumbi, masitolo angapo a njerwa, boma, ndi anthu amitundumitundu atakhala pansi kudikira wowalemba ntchito. Ku Limbe kunali mtsinje ndi nyumba zowerengeka, njanji inali isanafike. Pakhonde la sitolo ina anandipeza kapitawo wachiyao, Che Ajusa, munthu wamtali wovala kofia yoyera. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndimaba. Ndinati ayi. Anati, "Tiye."

Munda wa khofi unali ku Chigumula, pamtunda poonekera phiri la Bangwe. Mwini wake anali mzungu wowonda, wosakula kwenikweni, yemwe tinamutcha Bwana Loweruka. Ukapempha khasu latsopano, Loweruka. Ukapempha mankhwala a chilonda, Loweruka. Chikoti sankachikonda ngati azungu ena omwe tinkamva mbiri zawo, koma kudikiritsa kwakeko kunkapweteka ndithu.

Chomwe palibe anandichenjeza ndi kuzizira. M'miyezi ya chisanu kumabwera chiperoni, nkhungu yonyowa yomwe imatha masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka. Si mvula yoti munthu n'kuithawa, koma pofika masana nsalu yanyowa ndipo zala sizigwira mpini. Tinkagona m'misasa ya udzu, anthu asanu ndi mmodzi msasa umodzi, aliyense atadzilowetsa m'thumba lakutha mpaka m'chiuno. Mapazi anang'aluka. Tsiku lina ndikunjenjemera pamzere, ndinafunsa Che Ajusa kuti mzungu anasowa kuti dziko labwino lodzalamo mitengo yake.

"Kuzizira ukudana nakoku ndi kumene kwakupatsa ntchito," anatero. "Kwanu kotenthako mtengo uwu sungathe mwezi. Gwira khasu, utenthedwa."

Phoso lathu linali chimanga ndi mchere, ndiwo aliyense aone yekha. Mcherewo ndi umene unandifikitsa kwa a Nankhoma, mayi wamasiye wa m'mudzi wa kuseri kwa munda, yemwe ankasinthanitsa zakudya ndi mchere. Ine wokulira nsomba ndinafika ndikunyoza ndiwo za kumtunda. Sipanathe mwezi ndinasiya. Kwa a Nankhoma ndinadziwa nandolo wamuwisi wophika ndi makoko ake, nkhwani wotendera, bowa wa pansi pa mitengo ya masuku, ndi masukuwo, omwe kwathu kulibe. Thobwa lawo linali la mawere, lofiirira, lolemera, loti ukamwa chipanda chimodzi m'mawa umafika madzulo usanaganize za njala. Mowa wawo anthu ankachokera ku Limbe wapansi kudzaulawa. Chaka choyamba chifuwa chitandigwira, ndi iwo anandigoneka pafupi ndi moto m'nyumba mwawo sabata yathunthu, osafunsa za mchere.

Ndinene pang'ono za khofi, chifukwa wosamudziwa sangamve chomwe chinachitika. Amayambira pa nazale, pansi pa denga la udzu, ndipo mbande imakhala pamenepo pafupifupi chaka. Mvula ikakhazikika amaiwokera m'dzenje lakuya mkono wathunthu. Muzu waukulu ukapindika powoka, mtengo umakula bwinobwino chaka chimodzi kenako umauma. Kubereka kumayamba mvula yachitatu. Maluwa ake ndi oyera, amanunkhira masiku awiri kapena atatu n'kuyoyoka. Zipatso zimakhala zobiriwira dzinja lonse, zimafiira m'chisanu. Koma nkhani yaikulu ili pansi. Mizu yomwe imadyetsa mtengo ndi yopyapyala ngati tsitsi, ndipo imayenda pamwamba penipeni, kuya kwa chala chimodzi, kufika pomwe pathera nthambi. N'chifukwa chake khofi sapaliridwa ngati chimanga. Khasu umaligoneka, umangopala udzu pamwamba ngati ukumeta munthu, ndipo pafupi ndi tsinde umazula ndi manja. Dothi suunjika patsinde, limaoletsa khungwa.

Ine dzanja langa linagwirizana ndi mbande. Zomwe ndinkawoka zinkagwira, za anzanga zambiri zinkafa. Ichi ndi chimene chinandimanga. Mvula yoyamba itafika antchito anayamba kubwerera kwawo kukalima, koma ine Bwana anati ndiyambe ndawoka munda wa kumtunda, kalata yanga ndilandira ndikatha. Kalatayo inali yofunika. Munthu wopanda pepala la bwana wake asilikali a boma ankamugwira panjira ya ku Katunga n'kumusenzetsa katundu wawo. Pomwe ndinkamaliza kuwoka, nthawi yodzala kwathu inali itapita. Mvula yachiwiri kunali kubwezera mbande m'munda wa kumunsi, momwe ena anawoka mopinda mizu. Sindinama, nanenso ndinkafuna kuona mitengo yanga itabereka. Kunyumba ndinkatumiza nsalu kudzera mwa amtengatenga, ndipo ndinkadziuza kuti nsaluzo zikukwanira.

Mvula yachitatu itangoyamba, Bwana anandituma ku Blantyre kukatenga makasu. Pa sitolo ndinakumana ndi munthu wa m'mudzi mwathu atangotula katundu. Sanadikire kuti timalize moni.

"Amalume ako anati ndikakuona ndikuuze. Amayi ako chiuno chawagwira, sakuweramanso. Munda wagona zaka ziwiri. Anthu akuupempha, ndipo iwo atopa kukana. Mvula ino ukapanda kuoneka ndi khasu, aupereka."

"Nanga nsalu zija sizinafike?"

"Zinafika, avala. Koma m'dimba mwamera bango, achimwene. Nsalu ikazule bango?"

Kwathu mvula imachedwerako poyerekeza ndi kumtunda. Ndinaona kuti ndikanyamuka pasanathe masabata atatu, mapira ndiwapeza. Tsiku lomwelo ndinaima pakhonde la Bwana n'kufotokoza zonse. Anamvetsera mpaka ndinatha, kenako analoza kumtunda ndi kaliwo wake wa fodya.

"Munda wako uja wadzaza udzu," anatero m'Chinyanja chake chopunduka. "Chaka chino ukubereka koyamba. Palira, upite."

Antchito tinatsala asanu. Mundawo, poupalira mosamala mtengo ndi mtengo, unkatha sabata yathunthu ndi anthu makumi atatu. Asanufe tikanatha mwezi ndi theka, udzu wa koyambira utameranso.

M'mudzi mwa a Nankhoma ndinali nditaona momwe anthu amathera munda waukulu tsiku limodzi. Mwini munda amafulula mowa, amaphika, amaitana mudzi wonse. Anthu amalima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kenako amadya n'kumwa. Amati dima. Ndinafunsa Che Ajusa ngati sitingachite zomwezo m'munda wa khofi. Anavula kofia, anakanda pamutu, anaivalanso.

"Anthu a dima si antchito, mphwanga. Wantchito umamuuza kuti apa walakwitsa. Wa dima ukamuuza choncho amanyamula khasu lake."

"Ndiyamba ndawaonetsa kapaliridwe kake."

"Iwe? Kuonetsa akuluakulu a kuno kagwiridwe ka khasu? Chabwino, ine ndanena. Ndipo mowa wanuwo sindikhudza, mundisungire thobwa."

Bwana maganizowo anawakonda msanga, poti ankangofuna chimanga ndi mbuzi imodzi. A Nankhoma ndiwo anachedwa kuyankha. Ndinawapeza akupeta panja, ndipo anamaliza lichero lonse asananene kanthu.

"Chimera ndili nacho, ndinasungira dima langa," anatero. "Koma dima limabwezedwa, mwananga. Anthu akabwera kwa iwe, nawenso umapita kwa iwo, khomo ndi khomo, mpaka onse atapalira. Mzungu wakoyo adzabwera ndi khasu kumunda kwa achimwene anga?"

"Sangabwere, amayi."

"Iwenso ukupita kwanu. Ndiye abweze ndani?"

Ndinabwerera kwa Bwana. Anavomera kuti anzanga anayi aja adzawamasula tsiku lililonse la dima m'mudzimo, ndiponso kuti adzabweza mawere a chimera. Anavomera mosavuta, akuyang'ana kwina. Ndinapita ndi mawuwo kwa a Nankhoma.

"Ndiitana m'dzina langa, poti mlendo saitana mudzi," anatero. "Mukandinamiza, manyazi ndi anga."

Mowa unatenga masiku asanu ndi limodzi kuti upse. Ndinawawerenga onse.

Anthu anafika dzuwa litangotuluka, oposa makumi atatu, amuna ndi akazi, makasu pamapewa. Patsogolo panali a Chikopa, mlongo wawo wa a Nankhoma, munthu wamfupi wa mikono yaikulu, yemwe m'mudzimo ankatsogolera mzere pa dima lililonse. Ndinawalonjera mwaulemu, kenako ndinapempha kuti asanayambe aone momwe timachitira. Ndinagoneka khasu, ndinapala udzu pang'onopang'ono kuzungulira mtengo umodzi, ndinagwada n'kuzula wa patsinde ndi manja. A Chikopa ataona zimenezi anatembenukira anthu.

"Taonani mwana wa kumadzi! Akupalasa ngati nkhuku. Kwanu mumalima ndi nkhafi, eti?"

Anthu anaseka mpaka ena anagwira m'nthiti.

"Bambo, mtengo uwu mizu yake ili pamwamba penipeni," ndinatero.

"Ili pamwamba? Ndiye ikufuna dothi. Unaona kuti mbewu ikusiyidwa mizu pamtunda? N'chifukwa chake mitengo yanuyi yatha zaka zitatu osabereka, mukuigoneka ndi njala. Tiyeni, anthuni, tiwathandize!"

Mayi wina anayambitsa nyimbo, mzere unayankha, makasu anakwera pamodzi n'kugwa pamodzi. Sindinaonepo kulima kokongola ngati kumene kuja, ndipo sindinamvepo mantha ngati amene aja. Ankakumba mozama, monga amachitira m'chimanga, n'kukokera dothi patsinde mpaka mtengo uliwonse unakhala pa kachulu kake. Ankabandira khofi. Ndinatola chibuma chimodzi kumbuyo kwawo. Chinali chodzaza timizu toyera, toduka.

Ndinathamangira kutsogolo kwa mzere ndikufuula kuti aime, koma nyimbo inandimeza. Ndiye ndinachita chinthu chomwe mlendo sachita. Ndinagwira mpini wa khasu la a Chikopa ali mkati mokweza.

Nyimbo inaduka. A Chikopa anangoyang'ana dzanja langa pampini wawo, kenako anayang'ana kunjira yopita kumudzi. Amuna awiri anali atayika kale makasu pamapewa. A Nankhoma anachoka pa mbiya pomwe anali, anabwera msangamsanga, anaima pafupi nane n'kunena motsitsa mawu.

"Siya mpiniwo."

"Amayi, akupha mitengo."

"Siya mpiniwo, ndati. Ukufuna anthu awa achoke mowa uli m'mbiya? Ndawaitana ndine. Ndidzayenda bwanji m'mudzi muno?"

Ndinayang'ana kwa Che Ajusa. Anali chiimire pansi pa mtengo wa mbawa, manja kumbuyo, akuyang'ana phiri. Ndinaganiza za mizu. Ndinaganizanso kuti anthuwa akachoka, udzu utsala, kalata palibe. Ndinasiya mpini, ndinaomba m'manja kupepesa. A Chikopa anati, "Ana a masiku ano," ndipo nyimbo inayambanso.

Ine ndi anzanga anayi tinkatsatira pambuyo kufukula dothi patsinde ndi zala. Amayi ena ankatiseka kuti tikufunafuna mbewa. Patsinde tinkatha kukonza, koma muzu woduka sulumikizidwa.

Dzuwa lisanapendeke munda wonse unatha. Kuuona uli patali, unali woyera ngati bwalo losesedwa, popanda ndi udzu umodzi womwe. Tinakhala pansi pa mbawa uja. Panali nyama ya mbuzi, nandolo wouma wophika pamodzi ndi chinangwa, bowa, ndi ngumbi zokazinga zomwe amayi a m'mudzimo anagwira mvula itagwa. Che Ajusa anakhala payekha ndi thobwa lake, ndipo anapempha lina kawiri. Mowa unali wabwino koposa wonse umene a Nankhoma anafululapo, wowawasa pang'ono, wosalala pakhosi. Ndinaumva kukoma ngakhale mtima unali kwina, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso. A Chikopa anandipatsa chipanda ndi manja awiri.

"Imwa, mwana wa kumadzi. Zatha zija. Ulimi uphunzira, ukadali mwana."

Bwana anatsika kuchokera kunyumba kwake anthu ali mkati movina. Anaima m'mphepete mwa munda, anaomba m'manja, anagawira akuluakulu fodya. M'mizere sanalowemo. Apa ndikanatha kumuuza zoona. Sindinamuuze. Ndinangoti, "Bwana, munda watha. Kalata ija."

"Loweruka," anatero.

Tsikulo linali Lachiwiri. Lachitatu mvula inadula, kunabwera ng'amba, dzuwa loswa mtengo. Loweruka m'mawa ndinapeza Bwana atapita kale ku Blantyre kukaona anzake, ndipo anabwerako Lolemba atatopa, osafuna kuona munthu. Ine tsiku lililonse ndinkakwera kumunda uja. Masamba anayamba kugwetsa makutu masana, kenako ankakhala choncho ndi m'mawa womwe. Pofika Lachinayi la sabata yachiwiri, tizipatso tobiriwira tinali mbwee pansi ngati mikanda yoduka chingwe. Mvula ikanagwa masiku amenewo mwina mitengo ikanapirira. Sinagwe.

Loweruka lachiwiri Bwana anakwera yekha kumunda. Anandiitanitsa. Ndinamupeza atagwada, atafukula pansi ndi ndodo yake, timizu touma tili m'manja.

"Iwe unadziwa?"

"Ndinadziwa, Bwana."

Sanandimenye. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, mzungu wathunthu, nthawi yaitali. Zokolola zoyamba za munda umenewo ndi zomwe ankayembekezera zaka zonsezo. Atadzuka ananena zinthu zitatu. Ndichoke pamunda pake tsiku lomwelo. Kalata palibe. Ndipo wantchito wake aliyense wopita kukalima m'mudzi umene uja asabwerenso. Za mawere a chimera sindinayese n'komwe kukumbutsa.

Che Ajusa anandiperekeza mpaka kumalire. Sananene kuti ndinakuuza, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza pa chimenecho.

"Usadzere ku Katunga," anatero. "Dzera ku Thyolo, utsike ndi njira za m'tchire mpaka pa Ruo. Asilikali sayendako. Masiku anayi wafika. Mapira uwapeza, koma unyamuke mawa, madzi asanakwere."

M'mawa mwake ndinamanga mtolo wanga n'kupita kukatsanzika a Nankhoma. Ndinawapeza akutsuka mbiya zija. Nkhani inali itafika kale m'mudzi.

"Pita, mwananga," anatero osatukula mutu. "Amayi ako akudikira."

"Nanga dima?"

"Mawa kuli kwa achimwene. Anena kale kuti akufuna aone anthu anayi aja. Akapanda kuoneka, ndiye kuti mzungu wanamiza mudzi kudzera pakamwa panga."

"Ndiye chichitike n'chiyani?"

"Chichitike n'chiyani? Sandimenya. Koma kumunda kwanga sikubwera munthu, chaka chino ngakhale cha mawa. Ndipo ngakhale akanafuna, ndiwaitane ndi chiyani? Chimera chinathera kwa inu."

Munda wawo unali kuseri kwa nyumba, ndinkauona ndili chiimire pomwepo. Chimanga chinali chofika m'mawondo, chachikasu, udzu utachipitirira. Iwo anali munthu mmodzi, wa msinkhu wa amayi anga. Ndinaima nthawi yaitali mtolo uli m'manja. Ndinadziuza kuti sabata imodzi siipha munthu, ndikalima kwa a Chikopa ndi makomo ena awiri atatu, ndikapalira kwa a Nankhoma, ndinyamuka. Ndinaika mtolo pakhonde n'kupempha khasu.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsanso kuwerengera. Dima siliyenda motsatizana ngati masiku a ntchito ya mzungu. Limadikira mowa. Lero kwa uyu, kenako masiku anayi palibe, kenako awiri motsogozana. Analonjezedwa anthu anayi, anabwera mmodzi, choncho palibe khomo lomwe ndikanalumpha. A Chikopa ankandiika pafupi ndi iwo pamzere, ndipo ndikatsalira ankafuula kuti, "Palasa, mwana wa kumadzi, ngalawa ikukusiya!" Masiku opanda dima ndinkapalira kwa a Nankhoma ndekha. Kupalira kutatha kunabwera kubandira, ndipo makomo omwe anali asanalandire anati ndi nthawi yawo. Pomwe ndinkamaliza khomo lotsiriza, mvula inali ikugwa usana ndi usiku. Amtengatenga ochokera kumunsi anati Ruo wadzaza mpaka m'mitengo, palibe wa bwato amene akuvomera kuwolotsa munthu.

Chimanga cha a Nankhoma chinachita bwino chaka chimenecho. Mitengo ya khofi ina inauma, yambiri inaphukanso, koma osabereka kanthu dzinja limenelo. Ndinkaiona ndikamadutsa kunja kwa malire, ndipo ndinkafulumiza mapazi.

Ndinafika kwathu madzi atatsika, mapira atayamba kucha. Ndinadzera kumtsinje ndisanalowe m'mudzi. Munda wa amayi unali wolimidwa kuyambira kumtunda mpaka kudimba, bango lonse litazulidwa, mapira aatali kuposa munthu. Pakati pake panali nsanja yoingira mbalame, ndipo mayi yemwe anali pamenepo sindinamudziwe. Anandifunsa kuti ndikufuna ndani.

Amalume sanakalipe. Anandipatsa mpando, anandifunsa za ulendo, kenako anati, "Tinadikira mpaka anzathu onse atadzala. Anthu aja ali ndi ana asanu, analibe polima. Agwetsa thukuta lawo m'menemo, sindingawachotse." Ndinayesa kufotokoza za kalata, za ng'amba, za dima. Anamvetsera mwaulemu ngati munthu womva nkhani ya dziko lina.

Amayi anali atasamukira m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya amalume, akudya za m'nkhokwe ya alamu awo, akazi a amalumewo. Ndinawapeza atakhala pamphasa, miyendo itatambasulidwa, ndodo ili pambali. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, analira pang'ono, anandifunsa ngati ndadya. Za munda sanayambe ndi iwo. Ndinayamba ndine, ndipo ndinawauza zonse, osabisa ndi za mpini zomwe.

"Ndiye mayi ameneyo wakolola?" anafunsa.

"Wakolola, amayi."

"Zili bwino." Anasalaza nsalu pabondo. Kenako anati, "Nanga mbewu yakoyo, imene inakusunga zaka zonsezi ine munda n'kupita, amaidya bwanji? Amasinja kapena amaphika ngati nyemba?"

"Amati amakazinga, n'kusinja, n'kumwa ndi madzi otentha."

"Amati? Imakoma bwanji?"

"Sindikudziwa, amayi," ndinatero. "Sindinalaweko."